Kuliza thirakitala ya dizilo m'nyengo yozizira

Kuliza thirakitala ya dizilo m'nyengo yozizira ndi ntchito yofunika kuleza mtima, chifukwa injini ya dizilo imadalira kutentha kuti ilire. Vutoli ndi lalikulu ku Canada, kumpoto kwa United States ndi m'maiko a Scandinavia, komwe mathirakitala aang'ono amagwira ntchito yochotsa chipale chofewa m'misewu ya m'mafamu komanso kunyamula chakudya cha ziweto. Mathirakitala otere amapangidwa ndi makampani monga Kubota, Yanmar, Kioti ndi John Deere, ndipo ambiri amakhala ndi injini ya masilinda 3 kapena 4.

Chifukwa chake injini imavuta

Injini imene Rudolf Diesel anaimaliza mu 1897 siigwiritsa ntchito mapulagi othetheka ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kupitirira madigiri 500 Celsius, ndipo dizilo akapoperedwa mu mpweyawo amayaka yekha. Kukazizira, zitsulo za silinda zimalanda kutenthako dizilo asanayake. Pa nthawi yomweyo batire limachepa mphamvu ndipo oyilo amalimba, choncho sitata imazungulitsa injini mwaulesi. Ndiye chifukwa chake mphamvu ya batire yolizira injini, yolembedwa kuti CCA, imayezedwa pa madigiri −18 kwa masekondi 30.

Dizilo nayenso ali ndi phula la parafini. Akazizidwa, phulalo limayamba kuundana, dizilo amaoneka ngati mtambo, kenako amatseka sefa ya mafuta. Thirakitala imatha kulira bwinobwino n'kuzima patangopita mphindi zochepa. Pofuna kupewa zimenezi, ku United States amasakaniza dizilo wa No. 2 ndi wa No. 1 yemwe ndi wopepuka, pomwe ku Ulaya muyezo wa EN 590 umafotokoza mitundu ya dizilo yoyenera nyengo yozizira.

Zipangizo zothandiza

Mainjini ambiri aang'ono ali ndi mapulagi otenthetsera, omwe amatchedwa glow plugs. Nsonga zake zimapsa mpaka kufiira ndi magetsi a batire, n'kutenthetsa malo oyakira dizilo. Palinso chotenthetsera injini cholumikiza ku magetsi a m'nyumba kwa maola angapo ntchito isanayambe. Chipangizo cha mtunduwu chinapangidwa ndi Andrew Freeman wa ku North Dakota, yemwe anapatsidwa chikalata cha umwini wake mu 1949.

Oyilo wa 5W-40 amayenda mofulumira kukazizira kusiyana ndi wa 15W-40. Mu ladiyeta simuthiridwa madzi okha, chifukwa akaundana amafufuma n'kung'amba injini. Madzi akasakanizidwa theka ndi theka ndi mankhwala a ethylene glycol saundana mpaka pafupifupi madigiri −37.

Kalizidwe kake

Woyendetsa amakhala pampando, amamanga buleki, amachotsa giya ndipo amaonetsetsa kuti shafiti ya PTO ndi yozimitsa. Ngati thirakitala ili ndi kilatchi amaiponda kuti sitata isalemedwe. Kenako amatembenuza kiyi kufika potenthetsa n'kudikira masekondi amene buku la thirakitalayo likunena, kapena mpaka nyale ya mapulagi itazima. Akatero ndi pomwe amaliza.

Sitata siyenera kupukusidwa nthawi yaitali. Injini ikakana, woyendetsa amasiya, amapumitsa sitata, n'kutenthetsanso mapulagi. Utsi woyera pa nthawiyi umasonyeza kuti dizilo akufika koma sakuyaka wonse, ndipo umatha injini ikafunda.

Injini ikalira imasiyidwa iyende pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo kuti oyilo afike paliponse. Oyilo wa hayidiroliki amachedwa kufunda kuposa wa injini, motero chiwongolero chimauma ndipo chonyamulira katundu chimakwera mochedwa. Kukakamiza thirakitala kunyamula zolemera pa nthawiyi kumawononga pampu. Komabe kuisiya ikungolira kwa nthawi yaitali osagwira ntchito si kwabwinonso, chifukwa mwaye umadzaza sefa ya utsi ya DPF imene mathirakitala ambiri atsopano ali nayo.

Ngozi

Anthu ena amapopera mankhwala a ether polowera mpweya kuti injini ilire msanga. Pa injini ya mapulagi otenthetsera zimenezi ndi zoopsa, popeza ether amatha kuphulika akakhudza pulagi yofiira n'kuswa pisitoni kapena kuvulaza munthu. Kusonkha moto pansi pa injini kungatenthe thirakitala yonse. Kuiliza m'shedi yotseka kungaphe munthu chifukwa mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha. Batire loundana siliyenera kutchajidwa lisanasungunuke, chifukwa limatha kuphulika.

Kasamalidwe

Thanki imadzazidwa madzulo ntchito ikatha, chifukwa m'thanki yosadzaza mumachita mame omwe amatsikira pansi n'kuundana m'mapaipi. Mankhwala oletsa phula kuundana amathiridwa dizilo asanazizidwe, popeza sasungunula phula loundana kale. Batire lodzaza bwino limapirira chisanu choopsa, pomwe lotha moto limaundana msanga.

M'madera okwera a kum'mwera kwa Africa, monga ku Nyika ndi ku Free State, chisanu chimagwa m'miyezi ya June ndi July. Kumeneko kuzizira sikufika pa mlingo wa ku Canada, ndipo nthawi zambiri batire lamphamvu ndi mapulagi abwino zimakwanira.