Kusankha chonyamulira njinga cha kumbuyo kwa galimoto pa ulendo wa ku Mulanje

Misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi ndi m'tsinde mwa phiri la Mulanje imakopa anthu okonda kupalasa njinga ochokera ku Blantyre ndi m'mizinda ina. Ena amayambira pa Chitakale n'kulowera ku Likhubula, ena amafika mpaka ku Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese. Koma njingazo ziyenera kufika kaye kumeneko, kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo. Mwini pikapu alibe nkhawa. Amene ali ndi galimoto yotseka kumbuyo ndiye amafunika chonyamulira, ndipo cholimba kuposa zonse ndi chimene chimamangidwa pa towbar, chitsulo chokokera ngolo.

Choyamba n'kusuzumira pansi pa galimoto. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan, monga Toyota Sienta ndi Honda Freed, zimafika zopanda towbar, choncho mtengo woikitsa chitsulochi uyenera kulowa m'mawerengero. Zazikulu zochokera ku South Africa, monga Toyota Hilux, Fortuner ndi Ford Ranger, kawirikawiri zimakhala nayo, ndipo kumapeto kwake kumakhala kampira kachitsulo ka mamilimita 50. Zonyamulira zopangidwira ku Ulaya ndi ku South Africa, monga za Thule ndi Holdfast, zambiri zimagwira pa kampira kameneka kapena pa mbale yake. Za ku America n'zosiyana: zimalowa m'bowo la ngodya zinayi, la mainchesi 2 kapena 1.25. Wogula pa intaneti amene sanayang'ane zimenezi angathe kulipira msonkho wa katundu amene sangakwane pa galimoto yake.

Nkhani yaikulu ndi kulemera. Towbar iliyonse yochokera ku fakitale ili ndi malire a katundu amene angaitsamire kuchokera pamwamba, ndipo malirewo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa ngolo imene ingakoke. Amalembedwa pa kachitsulo komatidwa pa towbar ndiponso m'buku la galimoto. Pa galimoto zambiri zapabanja amakhala pakati pa makilogalamu 50 ndi 100. Manambala awiriwo akasiyana, tsatirani yaing'onoyo. Anthu ambiri amaiwala kuti chonyamuliracho nachonso chimalemera. Tiyerekeze kuti malire ndi makilogalamu 75 ndipo chonyamulira chikulemera 17: otsala ndi 58. Njinga zitatu za m'mapiri za makilogalamu 14 iliyonse zikwana bwino. Koma njinga zolimba za mtundu wa kabaza, zokhala ndi keliyala yachitsulo, zimapitirira makilogalamu 20 iliyonse, ndipo zitatu zadumpha kale malire. Njinga zoyendera batire nazo zimalemera chimodzimodzi kapena kuposerapo.

Malire amenewa sayenera kufikidwa ndendende ngati ulendo uli wa m'misewu yokumbika. Katundu wolendewera kumbuyo amakhala ngati munthu wokhala kunsonga kwa nthambi: galimoto ikagwera m'dzenje, mphamvu imene imafika pa mabawuti imaposa kulemera kwa njingazo. M'madera ena a Mulanje ndi Phalombe, kumene namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho mu March 2023, ndiponso paliponse m'nyengo ya dzinja, zimenezi si zongopeka. Njinga yolemera kwambiri iikidwe pafupi ndi galimoto nthawi zonse.

Zonyamulirazi zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ndi mikono iwiri imene njinga zimapachikidwapo pa felemu. N'chotsika mtengo, n'chopepuka, ndipo chimapindika n'kulowa m'buti. Vuto lake n'lakuti njinga zimagwedezeka ndi kukhulana, utoto n'kumachoka, ndipo njinga za ana ndi zopanda chitsulo chopingasa chapamwamba zimavuta kupachika. Mtundu wachiwiri uli ndi timipita momwe matayala amakhalamo, njinga n'kuima chilili. N'chodula komanso cholemera, koma njinga sizikhudzana kwenikweni. Kwa munthu amene azichoka pa tala kawirikawiri, ndalama yoonjezerayo siipita pachabe.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimaoneka galimoto itafika kale panjira. Chonyamulira chotsika chimagunda pansi potsika m'khwawa kapena pokwera zitunda zochepetsa liwiro za m'malo ochitira malonda. Tayala la njinga likayandikira ekizozi limatha kupsa. Galimoto zokhala ndi tayala la sipeya pa chitseko chakumbuyo, monga Prado ndi Pajero, zimafuna chonyamulira chotalikirako, ndipo chitsekocho sichitseguka njinga zili pomwepo. Pa galimoto zotsegula buti chokweza m'mwamba, chonyamulira chotha kupendekera kumbuyo chimathandiza kwambiri.

Apolisi apamsewu nawo ali ndi chonena. Nambala ya galimoto, nyali za mabuleki ndi maindiketa ziyenera kuoneka, ndipo njinga ziwiri kapena zitatu zimaphimba zonsezi. Zonyamulira zabwino zimabwera ndi nyali zake ndi malo oikapo nambala. Onetsetsani kuti pulagi yake, ya mano 7 kapena 13, ikugwirizana ndi ya galimoto. Za nambala yoika pa chonyamulira, funsani ku Directorate of Road Traffic and Safety Services musanapangitse. Ku Mulanje, kumene chifunga cha chiperoni chimatha kutsika masanasana, nyali zobisika zimaika pangozi ngakhale woyendetsa galimoto ya m'mbuyo mwanu.

Amisiri owotcherera zitsulo m'matauni athu angathe kupanga chonyamulira pa mtengo wotsika, ndipo ena ndi aluso ndithu. Chosowa n'chakuti palibe amene anayesa kulemera kumene chingapirire. Wosankha njira imeneyi asalole kuti chiwotchereredwe pa bampala kapena pa malata a galimoto. Towbar imagwira pa chimango cha galimoto, m'mabowo amene fakitale inakonza. Chipakidwenso utoto wokwanira, chifukwa mvula ya ku Mulanje siichedwa kubala dzimbiri.

Mukamanga njinga, yendani makilomita ochepa kenaka muime ndi kugwedeza chilichonse ndi manja, popeza malamba amakhwepa msanga ulendo ukangoyamba. Bwerezani zimenezi pamene mukuchoka pa tala. Chotsani pampu, mabotolo ndi nyali pa njinga, ndipo mukaima pa Chitakale kugula nanazi, njingazo zikhale zokhoma ndi loko.