Waya

Liwuli tinabwereka ku Chingerezi, koma linakhazikika mwakuti lili ndi zambiri zakezake: mawaya. Ku Kasungu likhoza kutanthauza waya wa minga wotchingira esiteti ya fodya, wopangira tigalimoto ta ana, kapena wotchera mbewa ndi akalulu. Onsewa ndi achitsulo.

Pa nkhani ya magetsi, waya nthawi zambiri amakhala wa mkuwa. Chitsulo chimachita dzimbiri, ndipo moto sudutsamo bwino. Ukafuna kukulunga koyilo ya Tesla, chipangizo chomwe Nikola Tesla anatulukira mu 1891 chothetheka ngati mphezi, kungonena kuti "ndipatseni waya" sikukwanira. Pafunika mitundu iwiri, chifukwa chipangizochi chili ndi makoyilo awiri. Koyilo yaitali imafuna waya wopyapyala, wosakwana theka la milimita, wokulunga pa paipi ya pulasitiki maulendo pafupifupi 1,000. Amaoneka wamaliseche, koma ndi wopakidwa vanishi kuti mizere yogundana isapatsirane moto. Ndi yemweyo amakulungira mota ya chigayo ikapsa. Wokutidwa ndi pulasitiki, wa m'nyumba uja, ndi wonenepa, ndiye paipi imadzaza mizere isanakwane. Koyilo yapansi imafuna mkuwa wochindikala, wozungulira kangapo chabe. Moto wake ndi wakupha, si wa tochi.

William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anapanga makina amphepo opukusa magetsi ali ndi zaka 14, ankatola zipangizo m'zitsulo zotayidwa. Koma waya wotola chonchi amavuta pa chinthu chimodzi: vanishi ikasupuka pang'ono pokha, moto umadumphira pomwepo.