Ulendo wa Umisiri Kufika ku Kapondo

Munthu akayenda m'boma la Mchinji masiku ano amaona nyumba za njerwa zofoleredwa ndi malata, masukulu, matchalitchi ndi milatho. Ambirife timangodutsa osadzifunsa kuti, "Kodi anthu amene adamanga zinthu zimenezi adaphunzira kuti?" Funso limeneli lili ndi mbiri yake. M'nkhani ino tiona kuti munthu wa kuno wofuna kuphunzira ntchito ya manja ankayenda ulendo wautali, ndi kuti ulendowo udanka nufupika pang'onopang'ono kufikira sukulu ya amisiri idafika ku Kapondo.

Amisiri a makolo athu

Tisaganize kuti umisiri udabwera ndi Azungu. Kalekale mwamuna aliyense wa m'mudzi ankadziwa kumanga nyumba. Ankapita kutchire kukadula nsichi ndi mapaso, nafundula luzi la mombo lomangira. Denga ankalilukira pansi, ndipo likatha ankamema anzake kuti adzathandize kulikweza. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga udachokera pa ntchito yeniyeni imeneyi. Akazi ndiwo ankamweta udzu, kumata zipupa ndi kuzira pansi. Mkamwini amene walephera kumangira mkazi wake nyumba yolimba ankasekedwa ndi mudzi wonse.

Koma padali umisiri wina umene sunkadziwika ndi munthu aliyense, ndiwo wa kusula. Amisiri a chitsulo ankaumba ng'anjo zazitali zadothi, nathiramo makala ndi miyala ya chitsulo, ndipo moto unkayaka usana ndi usiku. Ntchitoyi idali ndi miyambo yake: pa masiku onsewo amisiri ankagona kutchire, osayandikira akazi awo, poopa kuti chitsulo chingakanike. Chitsulo chikatuluka ankapita nacho kuchipala, kumene ankasula makasu, nkhwangwa, sompho, mipeni ndi mikondo. Khasu lidali ngati ndalama, pakuti munthu ankatha kugulira chinthu kapena kulipirira mlandu. David Livingstone, poyenda m'dera la Kasungu m'chaka cha 1863, adaona ng'anjo zambiri pafupi ndi midzi, ndipo mabwinja a zina akadaonekabe m'nkhalango ya Kasungu.

Sukulu ya masiku amenewo idali pakhomo pomwe. Mnyamata ankayamba ndi kusenza makala ndi kuvukuta mvukuto wa atate wake kapena wa atsibweni ake, maso ali pa nyundo. Mayeso ake adali m'munda: khasu likathyoka msanga, anthu ankadziwa kuti wosulayo sanakhwime. Koma masitolo atayamba kugulitsa makasu otsika mtengo ochokera kunja, ng'anjo zidazima imodzi ndi imodzi, ndipo nzeru yosungunula chitsulo idapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

Kubwera kwa njerwa

Umisiri watsopano udayambira kumishoni. Ku Blantyre, pakati pa 1888 ndi 1891, anthu akuda adamanga tchalitchi chachikulu cha St Michael and All Angels motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott. Iyeyu sadaphunzirepo ntchito yolemba mapulani a nyumba, ndipo antchito ake adali asadamangepo nyumba yotero. Njerwa zonse adaziumba ndi kuziotchera pomwepo. Dzina limene anthu amakumbukira ndi la Scott, koma manja amene adaponda dothi ndi kuyala njerwa adali a anthu a dziko lino, ndipo tchalitchicho chikadalipo mpaka lero.

Kumpoto, Dr Robert Laws adatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia pa Khondowe m'chaka cha 1894. Kumeneko anyamata ankalembedwa kuti aphunzire kwa zaka zingapo ukalipentala, kumanga, kusema miyala ndi kusindikiza mabuku. Koma kwa mnyamata wa ku Mchinji, Blantyre ndi Khondowe kudali kutali ndithu. Wofuna kupitako adayenera kuyenda pansi masiku ambiri, kamba ali pamutu.

Kenaka ntchito ya njerwa idafika kuno. M'chaka cha 1898 asilikali a Angerezi adagonjetsa Angoni a Mpezeni. M'masiku a nkhondo imeneyo mudamangidwa linga limene lidatchedwa Fort Manning, ndilo dzina lakale la boma la Mchinji. M'chaka cha 1903 ansembe a White Fathers adakhazika mishoni pa Kachebere, pafupi ndi malire, ndipo m'chaka cha 1939 padatsegulidwa seminale yaikulu. Boma ndi mishoni zidafuna maofesi, matchalitchi, masukulu ndi nyumba zogona, ndipo zonsezi zidafuna manja.

Taonani m'mene munthu ankakwerera pa ntchito imeneyi. Woyamba kumene ankatunga madzi ndi kuponda dothi. Akazolowera ankampatsa chikombole kuti aziumba njerwa ndi kuziyanika m'mizere. Pambuyo pake ankaphunzira kusanja uvuni ndi kusonkha moto masiku angapo osagona, chifukwa moto ukachepa njerwa zimatuluka zosapsa. Amene waonetsa nzeru ankamuika pafupi ndi womanga kuti azimpatsira njerwa ndi matope, ndipo tsiku lina ankampatsa chingwe ndi levulo kuti ayese yekha. Ocheka matabwa nawo ankakumba dzenje, nagoneka chipika cha mlombwa kapena cha mbawa pamwamba pake. Wina ankaima pamwamba, wina m'dzenje, akukokerana macheka aatali, utuchi uli kugwera m'maso mwa wapansiyo. Madzulo kapitawo ankachonga tikiti ya munthu aliyense, ndipo malipiro ankabwera tikitiyo ikadzaza.

Ulendo wa ku Halale ndi ku Joni

Malipiro a kuno adali ochepa, ndipo msonkho unkafunika chaka ndi chaka. Chifukwa chake amuna ambiri adalowera kum'mwera. Ena adapita pansi kudzera ku Fort Jameson, kumene tsopano timati ku Chipata. Ena adalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo ena adatengedwa ndi Mthandizi kupita ku Southern Rhodesia. Kumeneko Anyasa adatchuka monga antchito akhama ndi odziwa kuwerenga.

Komatu kumeneko adapeza mpanda umene sudali wa mitengo, koma wa malamulo. Ku South Africa lamulo la 1911 la migodi lidatsegula njira yosungira Azungu ntchito za luso. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1934 la za ntchito silidawerengere munthu wakuda monga wantchito woyenera kutetezedwa, kotero kuti kudali kovuta kuti alembedwe monga wophunzira umisiri m'matauni. M'chaka cha 1951 boma la South Africa lidalola kuti anthu akuda aphunzire kumanga, koma lidawaletsa kugwira ntchito ya luso m'madera a Azungu m'matauni. Motero munthu ankatha kudziwa ntchito yonse, nayala njerwa mowongoka kuposa bwana wake, koma m'buku ankalembedwa kuti ndi wothandiza chabe, nalandira malipiro a wothandiza.

Ntchito zina zidali zoopsa. Pomanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, kuyambira 1955 kufikira 1959, padasonkhana antchito zikwizikwi ochokera m'maiko atatu a Chitaganya, ndipo anthu oposa 80 adafera pa ntchitoyo. Ena mwa opita kunja sadabwerenso, nasanduka matchona. Koma amene adabwerera adadza ndi bokosi la zipangizo, sowo, nyundo, sikweya ndi levulo, ndipo ambiri a iwo ndiwo adamanga masitolo ndi nyumba zoyamba za njerwa m'midzi mwathu. Adaphunzitsanso ana a alongo awo, monga momwe osula ankachitira kale.

Ntchito ibwerera kwathu

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma la Dr H. Kamuzu Banda lidatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Bungwe lomanga mzinda watsopano lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1968, ndipo Lilongwe adakhala likulu m'chaka cha 1975. Kwa anthu a ku Mchinji ichi chidali chinthu chachikulu, pakuti ntchito imene kale ankaifuna kutsidya kwa Zambezi idapezeka pa ulendo wa tsiku limodzi. Njanji nayo idafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, nidzafika ku Mchinji m'chaka cha 1980.

M'zaka zimenezo pepala lidayamba kulemera. Boma linkayesa amisiri mayeso a ntchito za manja, ndipo wokhoza ankayamba ndi giredi 3, nakwera kufika pa giredi 2, kenaka giredi 1. Malipiro ankatsata giredi ya munthu. Mpanda wa khungu udagwa, koma padatsala mpanda wina. Masukulu a boma ndi a mishoni ophunzitsa ntchito za manja adali owerengeka m'dziko lonse. Kwa ife apafupi adali a ku Namitete ndi ku Lilongwe, ndipo malo adali ochepa poyerekeza ndi achinyamata ofuna kulowa. Mwana wa mlimi wosauka ankaphunzirabe pa chikwanje ndi pa uvuni, nakalamba wopanda pepala.

M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito za manja. Pambuyo pake, m'chaka cha 2015, boma la Pulezidenti Peter Mutharika lidayamba kutsegula masukulu a ntchito za manja m'madera a kumidzi. Mwambo wotsegulira udachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo sukulu ya boma la Mchinji idaikidwa ku Kapondo. Masukulu amenewa adatsegulidwa kuti aphunzitse ntchito zonga kumanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka, ndipo adalandira anyamata ndi atsikana omwe. Mtsikana wogwira levulo akadadabwitsa agogo athu, ngakhale kuti amayi ndiwo ankamata nyumba kuyambira kale.

Chimene mbiriyi itiphunzitsa

Tsono onani m'mene ulendo uja udafupikira. Poyamba mnyamata ankayenda masabata kupita ku Blantyre kapena ku Khondowe. Mwana wake adaoloka Zambezi, nagwira ntchito ya mmisiri pa malipiro a wothandiza. Mdzukulu wake adakwera basi kupita ku Lilongwe. Chidzukulu chake chidaona sukulu ya amisiri ikufika m'boma lake lomwe.

Koma mbiri ya ng'anjo itichenjeza kuti umisiri umene suyenda ndi nyengo umafa. Uvuni uliwonse umadya mitengo yambiri, ndipo nkhalango zathu, ngakhale ya m'phiri la Mchinji, zaperewera. Chifukwa chake m'chaka cha 2018 padatuluka lamulo loletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi pa nyumba zazikulu za malonda. Womanga amene adziwa njerwa zootcha zokha adzafanana ndi wosula uja amene adaona makasu a m'sitolo akumlanda ntchito. Ayenera kuphunziranso kuumba mabuloko a simenti ndi njerwa zopanikiza pa makina.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu, musanene kuti nkhaniyi ndi ya ana okha. Mmisiri wodziwa kuwerenga tepi, kulemba mtengo wa ntchito ndi kumva pangano asanasaine, sapusitsidwa msanga. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene idamanga ku Halale kapena ku Lilongwe, tumizani ana anu akakhale nayo pansi, aione m'mene imakokera chingwe ndi m'mene imayesera ngodya ya nyumba. Osungunula chitsulo adapita osasiya wowalowa m'malo. Tisalole kuti omanga athu apitenso chimodzimodzi.