Lifiti ya pa Dover: mmene kupempha mpando kunasandukira mlandu

Pamalo opapatiza kwambiri pakati pa gombe la Dover ku England ndi gombe la France pafupi ndi Calais pali nyanja ya makilomita pafupifupi 33 okha. Ndi theka chabe la mtunda wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, ndipo kunja kukayera bwino, munthu ali ku France amaona matanthwe oyera a ku Dover. Koma ngakhale ukhale ndi miyendo yolimba chotani, ukafika pagombe ulendo wapansi umathera pomwepo. Matthew Webb anawoloka mosambira mu 1875 ndipo zinamutengera maola pafupifupi 22. Ena tonsefe timafunika chombo, sitima kapena galimoto ya munthu wina.

Nanga wopanda ndalama ankawoloka bwanji? Kwa zaka zambiri ankangopempha lifiti. Ndafuna kuti tilondole mbiri ya lifiti imeneyi chifukwa ndikuona kuti ikutiphunzitsa za malire a mayiko kuposa mabuku ambiri amene timawerenga pokonzekera mayeso. Mchitidwe unali umodzi, wopempha dalaivala kuti akutenge, koma patapita zaka unagawika pawiri. Kwa ena unakhala nkhani yosangalatsa yosimbira zidzukulu, kwa ena unakhala mlandu ndi imfa.

Kwathu kuno tikati matola timadziwa kuti pofika potsika tipereka kenakake. Lifiti ya ku Ulaya inali yosiyana. Munthu ankaima m'mbali mwa msewu, n'kutukula chala chamanthu, kapena kunyamula katoni yolembapo dzina la mzinda umene akupita, ndipo womutenga sankayembekezera ndalama. Ku Britain chizolowezichi chinakula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene mafuta a galimoto ankagawidwa mopimira ndipo kutenga msilikali wopita kwawo kunkaoneka ngati kuthandiza dziko. Nkhondo itatha, ophunzira ndi amene anatola mwambowu. Ku Poland boma linafika pousandutsa ndondomeko kumapeto kwa zaka za m'ma 1950: wapaulendo ankagula kabuku ka makuponi, n'kumang'amba kupatsa dalaivala, ndipo madalaivala otolera ambiri ankalandira mphoto.

Kuti lifiti iwoloke nyanja, panafunika kuti galimoto iyambe yawoloka. Sitima yoyendera nthunzi yoyamba pakati pa Dover ndi Calais inali Rob Roy, mu 1821, ndipo inkanyamula anthu ndi katundu wawo. Mu 1928 Stuart Townsend anayamba kuwolotsa magalimoto pamtengo wotsika, koma ankachita kuwakweza ndi makina onyamulira katundu, imodziimodzi ngati matumba a chimanga. Zinthu zinasintha mu 1953 pamene ku Dover anamanga milatho yoti galimoto izilowa yokha m'chombo n'kukatuluka yokha tsidya linalo. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kuwerengera kwambiri malo amene galimoto yatenga m'chombo kusiyana ndi mitu ya anthu amene ali mkatimo. Nthawi zambiri tikiti ya galimoto inkaphatikiza okwera angapo, ndipo ya thiraki inkalola anthu awiri kutsogolo. Mpando wopanda munthu unali wolipiridwa kale. Wophunzira wanzeru ankangoima pamalo omwetsera mafuta pamsewu wopita ku Dover, n'kumafunsa madalaivala ngati ali ndi malo.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 njira imeneyi inali chipata cha achinyamata a ku Britain cholowera ku Ulaya yense. Ena sankathera ku Paris kapena ku Amsterdam, ankapitirira mpaka ku Istanbul, Tehran, Kabul ndi Kathmandu. Mu 1971 Ken Welsh anatulutsa buku lolangiza oyenda pa lifiti ku Ulaya, ndipo linasindikizidwa mobwerezabwereza. Ulendo wa kum'mawawo unaduka mu 1979 chifukwa cha kusintha kwa boma ku Iran komanso kulowa kwa asilikali a Soviet Union ku Afghanistan. Ndikamawerenga za nyengo imeneyi, chimene chimandigwira mtima ndi mbali imene ulendowo unkalowera. Achinyamata a kumadzulo ankadutsa Afghanistan ndi Iran pa lifiti, akumwa tiyi m'nyumba za anthu osawadziwa. Patangopita zaka 20, ana a m'mayiko omwewo anayamba kuyenda njira yomweyo chobwerera, ndipo atafika ku Calais anapeza mpanda.

Maganizo okumba ngalande pansi pa nyanjayi ndi akale. Katswiri wa migodi wa ku France, Albert Mathieu-Favier, anawatulutsa mu 1802, akulingalira za ngolo zokokedwa ndi akavalo. Kukumba kunayambadi cha m'ma 1880 koma kunaimitsidwa mu 1882, akuluakulu a asilikali a Britain ataopa kuti adani adzalowera momwemo. Anayambanso mu 1974 n'kusiya mu 1975 chifukwa cha ndalama. Pomaliza Margaret Thatcher ndi François Mitterrand anagwirizana, pangano linasainidwa ku Canterbury mu February 1986, ndipo pa 1 December 1990 okumba a mbali ziwiri anakumana pansi pa nyanja. Mfumukazi Elizabeth II ndi Mitterrand anatsegulira Channel Tunnel pa 6 May 1994. Ndi yotalika makilomita 50, ndipo pafupifupi 38 mwa iwo ali pansi pa madzi. Taonani kuti mantha a mu 1882 anali oti pobowola nyanja padzalowa anthu osafunika. Mantha amenewo sanafe, anangosintha amene akuopedwa.

Mu ngalandeyi mulibe msewu, muli njanji. Galimoto imalowa m'sitima ku Folkestone n'kukatsika ku Coquelles, pafupi ndi Calais, patatha mphindi 35. Palibe amene amaloledwa kuyendamo pansi. Komabe mtengo wa sitima yonyamula magalimotoyi ndi wa galimoto, osati wa munthu, ndipo tikiti imodzi imalola anthu mpaka 9. Ndiye kuti pa nkhani ya ndalama, ngalandeyi inapangitsa kuwoloka pa lifiti kukhala kosavuta kuposa kale. Chodabwitsa n'chakuti nyengo yomweyi ndi imene lifiti inayamba kuzilala.

Zifukwa zina ndi zodziwika. Mabanja ambiri anagula magalimoto. Tikiti ya Interrail, imene inayamba mu 1972, inapatsa achinyamata mwayi wozungulira Ulaya pa sitima motchipa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani a ndege monga Ryanair ndi easyJet anagwetsa mitengo. Misewu ikuluikulu imaletsa oyenda pansi, ndipo nkhani za zigawenga m'manyuzipepala zinaopsa okwera ndi okweza omwe. Zonsezi ndi zoona. Koma pa Dover pali zifukwa ziwiri zimene ndikuganiza kuti n'zolemera kuposa izi.

Choyamba ndi ngozi. Pa 6 March 1987 chombo chotchedwa Herald of Free Enterprise chinanyamuka pa doko la Zeebrugge ku Belgium kupita ku Dover zitseko zakutsogolo zili chitsegukire, chifukwa amene anayenera kuzitseka anali atagona. Madzi analowa m'malo oimika magalimoto, chombo chinagwera cham'mbali m'masekondi pafupifupi 90, ndipo anthu 193 anamwalira. Ambiri mwa okwera anali anthu wamba amene anapeza matikiti otchipa kudzera m'nyuzipepala ya The Sun. Ngoziyi itachitika, malamulo owerengera okwera anakhwima, ndipo mu 1998 bungwe la European Union linalamula kuti zombo ziziwerenga aliyense komanso kulemba mayina pa maulendo opitirira mamailosi 20. Lamulo ili sindingalitsutse. Banja liyenera kudziwa ngati mwana wawo anali m'chombo chimene chamira. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu wotoledwa panjira, amene dzina lake silinali pa tikiti, anasanduka vuto la mapepala. Kuyambira mu April 2015, Britain inayambanso kulemba za pasipoti ya aliyense wotuluka m'dzikomo.

Chachiwiri, chimene ndi mtima wa nkhaniyi, ndi chindapusa. Mu 1987 Britain inakhazikitsa lamulo lolipiritsa makampani a ndege ndi zombo akabweretsa munthu wopanda zikalata. Lamulo la mu 1999 linafikitsa chilangochi kwa madalaivala: mapaundi 2,000 pa munthu aliyense wopezeka atabisala m'galimoto. Mu 2023 ndalamayi inakwezedwa kufika mapaundi 10,000. Boma linapatsa dalaivala ntchito ya mlonda wa malire popanda kumulemba ntchito. Amene kale ankaima kuti apeze wocheza naye paulendo wautali, tsopano amayendera thiraki yake ndi tochi, kuyang'ana maloko ndi kusuzumira pansi pa matayala. Ambiri amalangizidwa kuti asaime n'komwe akayandikira Calais. Munthu wotere ukamutukulira chala chamanthu, amayamba waganiza za chindapusa.

Kutseka lifiti sikunathetse ofuna kuwoloka. Mu 1999 bungwe la Red Cross linatsegula msasa wa othawa kwawo ku Sangatte, m'nyumba yaikulu imene inagwiritsidwa ntchito pomanga ngalande ija. Munadutsa anthu a ku Kosovo, Afghanistan, Iraq ndi Iran, mpaka pamene unatsekedwa kumapeto kwa 2002. Pangano la Le Touquet la mu 2003 linasamutsira apolisi a malire a Britain ku madoko a France, kutanthauza kuti munthu amakanidwa asanaponde n'komwe dziko limene akufuna kukapemphako chitetezo. Mpando wakutsogolo utaletsedwa, anthu anasamukira kumbuyo, m'makontena, ndipo m'malo mwa dalaivala wachifundo panabwera ozembetsa anthu olipiritsa ndalama zankhaninkhani. Mu June 2000 ku Dover anapeza mitembo ya anthu 58 a ku China m'thiraki ya tomato. Dalaivala wake, Perry Wacker wa ku Netherlands, anali atatseka polowera mpweya, ndipo anamulamula kukhala m'ndende zaka 14. Mu October 2019 anthu 39 a ku Vietnam anapezeka atafa m'kontena ku Essex. Mipanda itakwera pa doko ndi pa ngalande, anthu anatembenukira ku timabwato ta mphira. Pa 24 November 2021 anthu osachepera 27 anamira tsiku limodzi, komabe mu 2022 opitirira 45,000 anawoloka mwanjira yomweyo.

Pa onsewa, nkhani ya Abdul Rahman Haroun wa ku Sudan ndi imene sindiiwala. Mu August 2015 analumpha mipanda ya ku Coquelles n'kuyenda wapansi m'ngalande pafupifupi makilomita 50, mumdima, masitima akumudutsa pafupi. Anamugwira atatsala pang'ono kutulukira ku Folkestone ndipo anamuimba mlandu wotsekereza sitima pogwiritsa ntchito lamulo la mu 1861. Kenako boma lomwelo linavomereza kuti ndi wothawa kwawo weniweni n'kumupatsa chitetezo. Mtunda umene galimoto yokhala ndi mipando yopanda anthu imadutsa m'mphindi 35, iye anauyenda wapansi kwa maola ambiri, chifukwa panalibe dalaivala amene akanaloledwa kumutenga.

Wina anganene kuti dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza malire ake, ndipo ozembetsa anthu ndi zigawenga. Ndikuvomereza zonse ziwiri. Sindikunenanso kuti madalaivala ndi ouma mtima, pakuti ambiri ndi anthu a malipiro ochepa amene chindapusa chimodzi chingawagwetse. Chimene ndikukana ndi nthano yoti lifiti inafa chifukwa anthu anangosiya kukhulupirirana. Malamulo ndi amene anaika mtengo pa chifundo, ndipo malamulowo ali ndi zaka zake ndi anthu amene anawasaina. Mpaka lero wachinyamata wa pasipoti yoyenera angathe kuima pamalo omwetsera mafuta pamsewu wa M20, n'kupeza womuwolotsa mwaulere. Mnzake wa msinkhu womwewo wa ku Darfur kapena ku Asmara sangayese. Ifenso a pasipoti ya Malawi timafunika viza, ya Britain payokha, ya France payokha, tisanaganize zotukula chala.

Tisaganize kuti izi ndi za kutali. Mu March 2020, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anapeza anthu 64 a ku Ethiopia atafa m'kontena ya thiraki imene inachokera ku Malawi, ndipo 14 okha ndi amene anapulumuka. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu ambiri amene apolisi anati anali a ku Ethiopia. Msewu wathu wa M1 ndi mbali ya njira yopita ku Joni, ndipo pa njirayi ife ndife a Calais. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Abale athu amene amapita ku South Africa pa mathiraki amadziwa kusiyana kwa kukhala pambali pa dalaivala ndi kubisika pakati pa katundu.

Ambiri a ife amene tikumaliza sukulu tidzagwira ntchito m'maofesi olemba malamulo, m'makhoti, m'manyuzipepala kapena pa zipata za Mwanza, Dedza ndi Songwe. Tsiku lina wina adzabweretsa pa tebulo lathu maganizo olipiritsa madalaivala kapena okweza mpanda, ndipo adzaoneka anzeru. Tisanasaine, tidzafunse kuti munthu amene tamuchotsa pa mpando wakutsogolo akakhala pati, chifukwa mbiri ya pa Dover ikuonetsa kuti sabwerera kwawo.