TETE: KHOMO LA MBIRI YA ACEWA PA GOMBE LA ZAMBEZI

Ambiri a ife amene tikhala mu Lusaka, ku Matero, Kanyama, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, tikati tipita kwathu titanthauza Katete, Chadiza, Chipata kapena Lundazi. Basi ikatitsitsa pa Katete tiyesa kuti tafika kumathero a dziko la Acewa. Komatu pomwepo pali mseu wina wolowera kum'mwera, wodzera pa malire a Chanida ndi Cassacatiza, umene ukafika ku mzinda wa Tete m'dziko la Mozambique. Makolo athu anayenda njira imeneyo zaka mazana ambiri malire asanalembedwe, ndipo mbiri ya ufumu wa Undi siimveka bwino kwa munthu amene sadziwa za mzinda umenewu.

Tete ndiye likulu la cigawo ca dzina lomwelo. Mzinda wakale uli kutsidya la kum'mwera la Zambezi, ndipo eni nthaka, Anyungwe, aucha Nyungwe. Wocokera kumapiri a Katete atsetsereka pang'onopang'ono, nayamba kuona mitengo ya misuku ikutha, m'malo mwake milambe ndi masau zikuculuka pa nthaka ya miyala. Mvula kumeneko ndi yocepa, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 40. Cifukwa cace wofuna kukaceza asankhe Juni kapena Julaye, pamene masau apsa ndipo mphepo ya kumtsinje iziziritsa madzulo. Pa kalembera wa 2017 mumzindamo munali anthu oposa 300,000.

Nanga cinakokera anthu ku malo otentha cotere n'ciani? Yankho ndi mtsinje. Zambezi inali mseu wa ngalawa zocokera kunyanja yamcere, ndipo amalonda a Ciswahili anali ndi msika pa Tete Apwitikizi asanadze. Apwitikizi anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1530 pofuna golide wa dziko la Mwenemutapa, kum'mwera kwa mtsinje. Kumpoto kwa mtsinje kunali dziko la Amaravi, makolo athu. M'caka ca 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka pa Tete nayenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo analemba za mudzi wa mfumu yamphamvu ya Amaravi, dzina lace Muzura, imene inamlandira panjira.

Monga tidziwa, Undi anacoka kwa Kalonga ku Mankhamba pamodzi ndi Nyangu, mai wa ufumu, nakamanga likulu lace ku Mano, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Malo amenewo lero ali m'cigawo ca Tete. Kucokera ku Mano ndi m'midzi ya mafumu a Undi, minyanga ya njobvu ndi makasu osulidwa ndi amisiri athu zinali kutsikira ku msika wa pa Tete, ndipo kucokera kumeneko kunali kukwera nsalu ndi mikanda. Mwambo unali wakuti mlenje akapha njobvu, mnyanga wogunda pansi ndi wa mwini dziko. Mitulo yotere ndiyo inapatsa Undi cuma cogawira mafumu ace, ndipo pogawa anamanga dziko pamodzi. Dzina lakuti Gawa likumbutsa nchito imeneyo.

Koma khomo lolowera cuma ndi lomwenso linalowera mabvuto. M'zaka za m'ma 1700 kunapezeka golide m'dziko la Undi, ndipo amalonda a Cipwitikizi ndi a ku Goa anatsegula migodi, okumba ace ambiri ali akazi aukapolo. Eni minda yaikulu ya m'mbali mwa Zambezi, imene anali kuicha prazo, anali ndi asilikali ao a mfuti, Acikunda, amene anayamba kupha njobvu osapereka mtulo. Banja la Pereira, locokera ku Goa, linakula mphamvu kufikira linakhala ndi ufumu wacewace ku Makanga, m'dziko limene linali la Undi. Mafumu ang'onoang'ono anaona kuti atha kugulitsa okha minyanga kwa alendo osadzera ku Mano. Malonda a akapolo atakula, anthu athu ambiri anadutsa pa Tete atamangidwa m'goli, ulendo wa ku Quelimane, osabweranso. Pamene Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, ufumu unali utayamba kale kugwedezeka.

Tete ndi malonso amene anacokera anthu olemba za makolo athu. M'caka ca 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka pamenepo nadutsa m'dziko la Amaravi kupita kwa Mwata Kazembe ku Luapula, kumene anafera. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo, ndipo buku la Gamitto, limene linasindikizidwa mu 1854, lili pakati pa mabuku oyamba kuchula Acewa ndi dzina lao ndi kufotokoza malimidwe, maliro ndi milandu yao. David Livingstone anafika pa Tete mu Malici 1856, nasiyapo Amakololo amene anamperekeza. Atabwerera mu 1858, mathithi a Kebrabasa analetsa sitima yace kukwera Zambezi, motero anatembenukira ku mtsinje wa Shire, nafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859. Miyala ya kumtunda kwa Tete ndiyo inalozetsa Angerezi ku Malawi.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linang'amba dziko la Acewa. Mano anagwera kwa Apwitikizi, anthu ena kwa Angerezi a Northern Rhodesia, ndi ena ku Nyasaland. Palibe mfumu ya Cicewa imene inafunsidwa. Msonkho ndi nchito yokakamiza ya cibalo zinathawitsa mabanja ambiri kucoka kwa Apwitikizi, ndipo m'zaka za m'ma 1930 Gawa Undi nayenso anasamukira kuno ku dera la Katete. Ndico cifukwa cace lero tilambira ku Mkaika, koma manda a mafumu oyamba anatsala kutsidya la malire.

Masautso a Tete sanathere pamenepo. Mu 1968 gulu la Frelimo linatsegula nkhondo ya ufulu m'cigawoco, ankhondo ace akulowera m'dziko la Zambia. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda, ndipo dziko lonse linamva nkhaniyo mu Julaye 1973 pamene Bambo Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London. Ufulu unadza pa 25 Juni 1975, koma nkhondo ya paciweniweni inatsatira, ndipo abale athu zikwizikwi anathawira ku Malawi ndi kuno, ena nasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Midzi yathu ya m'malire nayonso inalawa nkhondoyo, kufikira mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Wofika pa Tete lero kucokera kumpoto aoloka Zambezi pa ulalo wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, umene unatha kumangidwa mu 1973 ndipo tsopano udziwika ndi dzina la Samora Machel. Kunsi kwace kuli ulalo wina wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014 kuti malole olemera azidzera pamenepo. Pafupi ndi gombe pali linga lakale la São Tiago Maior, mboni ya masiku a malonda aja. Malasha a ku Moatize acititsa mzinda kukula msanga, ndipo kumtunda, pa mathithi amene anabweza Livingstone, pali damu la Cahora Bassa limene linatsekedwa mu 1974. Nsomba zouma za m'damu limenelo zifika ndithu m'misika yathu. Pa msika wa Tete munthu wa ku Chawama akalankhula Cicewa amvedwa, pakuti Cinyungwe ndi cinenero capacibale, ndipo m'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angonia Cicewa cilankhulidwa m'midzi. Boma lina kumeneko lichedwa Maravia, dzina la makolo athu. Aphiri ndi Abanda aliko, ndipo Gule Wamkulu abvinidwa monga kwathu. Pamene bungwe la UNESCO linazindikira gule ameneyu mu 2005, linamchula kuti ndi cuma ca maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Olemekezeka alendo athu, ana obadwira m'makomboni a Lusaka adziwa bwino mseu wa Great East ndi ulalo wa Luangwa, koma ambiri sanamvepo za Mano, ndipo Mcewa wa ku Mozambique amuona ngati mlendo wamba. Agogo amene anabadwira kutsidya la malire, amene adziwa maina a midzi ndi mitsinje, akutha mmodzimmodzi. Tikhale nao pansi akali moyo, tilembe zimene adziwa, pakuti mau a akuluakulu akoma akagonera. Mafumu a ku Mozambique saleka kudza kudzalambira ku Mkaika caka ndi caka, ndipo ulendo wa mbali imodzi sumanga cibale. Magulu athu a m'makomboni, amene asonkha ndalama za maliro ndi za basi ya ku mwambo, angathe kusonkhanso za ulendo wa ku Tete, atatenga acinyamata ndi mkulu mmodzi wodziwa njira. Makolo anati cibale ndi fupa, siciola.