Kufuna kwawo kwa agogo kuchokera ku Chitungwiza

Ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke, madera atatu amene anaphatikizidwa mu 1978 kukhala tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, kuli mabanja ambiri a Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe. Adzukulu a m'mabanjawa amalankhula Chishona tsiku lonse, Chinyanja n'kumachimvera pamaliro, kutchalitchi kapena kudambwe. Ukawafunsa kumene agogo awo anachokera, ambiri amangoti ku Nyasalande kapena ku Blantyre. Yankho lotere silingakufikitse pakhomo pa munthu. Ashona anazolowera kutchula aliyense wochokera ku Malawi kuti Mubhurandaya, kaya ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, kaya ndi Mlomwe wa ku Phalombe, ndipo ana anakula akuganiza kuti kwawo ndi ku Blantyre komweko.

Kumudzi agogowo amawakumbuka ndi dzina lina, loti mtchona. Kutchona si kungopita kukagwira ntchito kunja ayi. Mtchona ndi amene anasiya kulemba kalata, osatumizanso ndalama kapena bulangete, mpaka ankhoswe kumasula mkazi wake. Wofufuza ayambe wadziwa m'mene agogo anayendera. Ena anatengedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene boma la Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, linakhazikitsa mu 1946. Ena analowa Wenela n'cholinga chokafika ku migodi ya ku Joni. Koma ambiri anali aselufu, oyenda paokha kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowera ku Mutoko. Wa kontalakiti dzina lake linkalembedwa asanachoke kwawo. Waselufu nthawi zambiri ankalembedwa atafika kale, ndi kalaliki wosamva chilankhulo chake, motero dzina linkapindika pomwepo.

Anthu a ku Britain ndi ku America akafuna makolo awo amathamangira ku kalembera, poti mapepala ake amatchula munthu aliyense wa m'nyumba, zaka zake, ntchito yake ndi kumene anabadwira. Ku America amawatsegula pakatha zaka 72, ku England ndi Wales pakatha zaka 100, n'chifukwa chake kalembera wa 1950 ndi wa 1921 onse anatsegulidwa mu 2022. Mdzukulu wa ku Zengeza asayembekezere zotere. Ku Nyasaland anthu anawerengedwa mu 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945, koma chimene boma linkafuna ndi chiwerengero: amuna angati, akazi angati, a mtundu wanji, ndi angati ali kunja. Ku Southern Rhodesia azungu ankalembedwa mmodzimmodzi, pamene munthu wakuda ankaonekera ngati nambala pa fomu ya bwana wa pafamu kapena pamgodi. Kalembera woyamba wa anthu akuda onse anachitika mu 1962. Kuyambira 1982 Zimbabwe imawerenga anthu ake pakatha zaka khumi zilizonse, koma chimene chimatuluka ndi manambala, mayina ndi chinsinsi. Kalembera angakuuzeni kuti anthu a ku Nyasaland anali ochuluka chotani ndipo anaunjikana kuti. Dzina la agogo simulipezamo.

Mawu a phindu ndi kaundula. Ili linali buku la msonkho, ndipo msonkho sufuna nambala yokha, umafuna mwini wake. Mwamuna aliyense ankalembedwa pansi pa nyakwawa yake, nyakwawa pansi pa mfumu yaikulu, mfumuyo pansi pa boma. Kuchokera apo mpaka lero Mmalawi amadziwika ndi zinthu zitatu: mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Ndi zomwezi zimene amafunsa a National Registration Bureau, amene analemba mtundu wonse mu 2017. Amene wapeza zitatuzi wapeza njira. Ku National Archives of Malawi ku Zomba kuli mabuku a ma DC akale otchula midzi ndi mafumu ake, ndipo amathandiza pamene mudzi unagawika kapena kusintha dzina, monga imachitira midzi yathu nyakwawa ikamwalira.

Zitatuzi zimabisala pa chitupa. Mwamuna wakuda aliyense ku Rhodesia ankayenera kuyenda nacho, ndipo cha munthu wobwera chinkasonyeza kumene wachokera. Chikapezeka m'sutikesi, ngakhale chodyedwa ndi njenjete, chisungidwe bwino kuposa chithunzi. Komabe chitupa chimanama nthawi zina. Alipo amene ankagwira ntchito ndi chitupa cha mbale wawo kapena cha malemu, dzinalo n'kuwakanirira mpaka kumanda. Chitupa cha ana awo chinabwera ndi chilonda china: chilembo A, kutanthauza mlendo, ndi manambala 00 kumapeto, pamalo pamene Mshona amakhala ndi nambala ya boma la makolo ake. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kukhala opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anazindikira kuti wobadwira m'dzikomo kwa kholo la m'mayiko a SADC ndi nzika. Choncho kwa anthu a ku Chitungwiza kufufuza makolo si masewera. Ena amafunira pasipoti, ena kulembetsa mwana mayeso, ena amangofuna choyankha akamanenedwa kuti alibe mutupo, chimene kwathu timati chiwongo.

Pa ukwati m'pamene mapepala amalankhula kwambiri, komanso m'pamene pafunika kumvetsa. Kwathu ukwati ndi chinkhoswe. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi akagwirizana, nkhuku n'kudyedwa, ukwati wamangidwa popanda cholembera. Mnyamata wa ku Dedza atafika ku Salisbury, Harare ya lero, analibe malume woti amuimire, pamene bambo wa mtsikana wa Chishona ankafuna roora, ndiye kuti malowolo, ankafuna munyai wokamba nkhani, ankafunsanso mutupo. Ambiri anangolowana, zimene kumeneko amati mapoto, ndipo mapoto salembedwa paliponse. Ena anatenga mnzawo wa kumudzi kukhala nkhoswe. Lamulo lolembetsa maukwati a anthu akuda linalipo kuyambira 1901, koma chimene chinakokera anthu ambiri ku ofesi ndi nyumba: kuti upatsidwe nyumba ya banja mulokeshoni unkayenera kuonetsa mtchatho, pepala la ukwati. Pachifukwa ichi deti la pamtchatho lisakunamizeni. Likhoza kukhala la chaka chimene banja linkafuna nyumba, ana atabadwa kale atatu.

Akuluakulu a ku Chitungwiza amatchula maukwati ndi manambala. Akati Chapter 37, kapena 5:11 monga unadzatchedwera, akunena ukwati wa mkazi mmodzi, wa kutchalitchi kapena kwa majisitireti. Akati Chapter 238, kapena 5:07, akunena ukwati wamwambo wolembetsedwa, wolola mitala. Kuyambira 2022 zonsezi zili m'lamulo limodzi la 5:17. Kudziwa nambala kumakuuzani buku loti mulifune. Ndipo mukaupeza mtchathowo, musathere pa mayina a akwati. Yang'anani mboni. Munthu wakutali ndi kwawo sankatola mboni pamsewu. Ankaitana wa kumudzi kwawo, msuweni, kapena amene anawoloka naye Zambezi. Banja la mboniyo likhoza kukhala ku Unit L kapena ku Mufakose, likukumbukira mudzi umene inu munaiwala. Ine ndimaona kuti dzina la mboni limaposa mapepala ena onse a boma.

Mipingo inasunga zimene boma silinasamale. Mbusa T.C.B. Vlok anapita ku Salisbury mu 1912 kukatumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Mkhristu akasamuka ankanyamula kalata ya mpingo yotchula kumene wachokera, kaya ndi ku Mvera, ku Kongwe kapena ku Mlanda, ndipo mpingo ukadziwika midzi yake ndi yowerengeka. Kwa Ayao funsani kumzikiti, kwa mashehe achikulire. Mabungwe a maliro, amene ambiri ankasonkhanitsa anthu a boma limodzi, analinso ndi mabuku awo. Zambiri zinatayika pamene antchito a m'mafamu anabalalika kuyambira 2000, ndi pamene boma linagwetsa nyumba mu 2005 pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, choncho pepala lililonse lotsala lijambulidwe pafoni lero lomwe.

Chimene chimasokeretsa adzukulu ambiri ndi chiwongo. Anakulira pakati pa Ashona, kumene mutupo ndi mudzi zimatsata bambo, ndiye amaganiza kuti Phiri awafikitsa. A Phiri ali ponseponse, ku Kasungu, ku Chipata, ku Angonia. Ngati agogo anali Mtumbuka, Mngoni wa ku Mzimba kapena Msena, kutsata bambo kuli bwino. Koma kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe munthu ndi wa kwa amayi ake. Bambo awo a agogo mwina anali mkamwini wochokera mudzi wina, ndipo palibe amene akuwakumbuka. Amene amakumbuka mtchona ndi mbumba yake, alongo ake ndi ana awo, amene anasowa mwini mbumba wowaimira pa milandu ndi pa maukwati. Mukafika kwa nyakwawa sadzakufunsani dzina la pachitupa. Adzafunsa kuti anali wa bere liti, amayi ake anali Nabanda kapena Naphiri, alongo ake anali ndani, dzina lake la paubwana linali chiyani. Mafunso amenewa afunsidwe kwa azakhali ndi agogo aakazi ku St Mary's akadali moyo, basi ya ku Mbare yodzera ku Nyamapanda ndi ku Zobue isanakweredwe.

Ndipo wopitayo adziwiretu malo ake. Kwa Achewa mwana wa mwamuna amalandiridwa, amaphikiridwa, amaonetsedwa manda a agogo a agogo ake, koma munda ndi wa ana a alongo. Ndi bwino kunena poyera kwa mfumu, tsiku lofika lomwelo, kuti mwabwera kudzadziwa abale osati kudzafuna malo.