Unyolo Ukaduka, Munthu Alowera Kuti?

Mu Disembala 1895, asilikali a Harry Johnston anagumula linga la Mlozi ku Karonga ndipo Mloziyo, yemwe ankagulitsa anthu ngati mbuzi, anamunyonga. Boma la atsamunda linali litamanga kale malinga, Fort Johnston ku Mangochi ndi Fort Lister pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kuti litseke njira za akapolo. Nkhaniyi timakonda kuithera pomwepo: woipa waphedwa, ukapolo watha, basi. Koma taganizani za mayi amene anamumasula tsiku limenelo. Mudzi wake anauwotcha, abale anabalalika. M'mawa mwake anadya chiyani, nanga anagona kuti?

Funsoli silinakalambe. Malondawa anangosintha malaya. Lero kulibe goli la mtengo pakhosi, kuli uthenga wa pa Facebook wolonjeza ntchito kunja.

Mu 2015 dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Ndi lamulo la mano ndithu: zaka 14 kundende ukagulitsa munthu wamkulu, zaka 21 akakhala mwana, ndipo pena moyo wonse. Limanenanso kuti wogulitsidwayo asaimbidwe mlandu pa zomwe anachita chifukwa chogulitsidwa, komanso kuti pakhale thumba la ndalama ndi nyumba zosungiramo opulumutsidwa. Papepala zonse zili bwinobwino.

Kunja kwa pepala ndiye kuli nkhani. Wapolisi akapulumutsa ana omwe amapita nawo ku minda ya fodya, amayenera kuwapezera pogona usiku womwewo, ndipo kawirikawiri amene amatsegula chitseko ndi mabungwe, monga a Salvation Army ku Mchinji. Ena thandizo silinawapeze n'komwe: mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo 30 ya anthu omwe apolisi anati anali ochokera ku Ethiopia.

Nanga alongo athu a ku Oman aja? Anapita kukagwira ntchito za m'nyumba, mabwana n'kuwalanda mapasipoti, pansi pa dongosolo la kafala lomwe limamangirira wantchito kwa abwana ake. Anayamba kumvana kudzera pa gulu la WhatsApp lomwe anatsegula mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America. BBC itaulutsa nkhaniyi mu 2024, zinamveka kuti boma linawononga ndalama zoposa madola 160,000 kubweza amayi 54. Linachita bwino. Koma kutsika ndege ku Lilongwe si kuchira. Umphawi umene unawathamangitsa anaupeza ukuwadikirira pakhomo, ena anabwera ndi mabala m'thupi ndi mumtima.

Kuyambira kwa Johnston mpaka lero, maboma amachita changu pa wogulitsa kusiyana ndi pa wogulitsidwa. Tikamamva kuti apolisi agwira ozembetsa anthu, tiwombe m'manja, inde. Kenako tifunse za opulumutsidwawo: ali kuti pano, akudya chiyani, ndipo sukulu kapena mpamba awapatsa ndani?